Foni: Mtumiki Kapena Mbuye?

Tate wina wa ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, Zimbabwe, anazindikira kuti WhatsApp inali kumdyera nthaŵi ya pemphero la banja, ndiponso ndalama zogulira ufa. Chotero anagulitsa foni yake yamakono nagula yamabatani, imene kumeneko amaitcha kambudzi. Mabwenzi ake anamseka.

Komabe, kodi iye anataya chiyani? Amalankhulabe ndi achibale ndi kutumiza ndalama pa EcoCash, imene inayamba mu 2011 ndipo imatheka popanda intaneti.

Mophiphiritsira, Yesu analangiza kuchotsa ngakhale diso lochimwitsa munthu. (Mateyu 5:29) Zoonadi, foni yamakono payokha si tchimo. Koma pamene chipangizo chiyamba kulamulira mwiniwake, Mkristu wanzeru amalolera kutaya icho koposa kutaya banja lake.