Mkate Woluka wa Pasaka

M'dziko la Italy, kwao kwa Ambuye Alessandro Assolari amene anakhala episkopi woyamba wa Mangochi mu 1973, muli mwambo wakale wophika mkate wa Pasaka, wotchedwa pane di Pasqua. Makedzana Eklezia ankaletsa kudya mazira m'nyengo ya Lenti. Koma nkhuku sizidziwa Lenti, zinali kuikirabe. Tsono pofika Pasaka mazira anali atachuluka, ndipo amayi ankawaika mu mkate wa chikondwerero.

Mkatewu sulira chuma chambiri. Ngakhale mayi wa ku Chitawira amene alibe uvuni angathe kuuphika pa mbaula, ataika makala pa chivundikiro monga achitira ndi chikondamoyo. Asakaniza ufa wa tirigu, yisiti, shuga, mkaka ndi majarini, nakanda, nafunditsa mpaka utatupa. Pamenepo augawa patatu, naluka ngati chingwe, nalumikiza nsonga zake kuti ukhale nkhata. M'mipata aikamo mazira osaswa, ndipo apsera pamodzi ndi mkatewo.

Mkristu wanzeru aona katekisimu mu mkate umenewu. Zingwe zitatu zopanga mkate umodzi zikumbutsa Utatu Woyera. Nkhata ikumbutsa chisoti chaminga. Dzira, looneka ngati mwala koma lobisa moyo, likumbutsa manda amene Ambuye Yezu anatulukamo. Yisiti, yochepa koma yotupitsa ufa wonse, ndiyo imene Ambuye anafanizira nayo Ufumu wa Kumwamba (Mateyo 13:33).

Komatu pali Akristu ena amene akonza mpunga ndi nkhuku, nagulira ana zovala zatsopano, chonsecho chaka chatha osalapa ndi osalandira Ukaristia. Amenewa afanana ndi mayi woluka bwino mkate koma ataiwala yisiti: maonekedwe alipo, m'kati muli gwa. Lamulo lolapa kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka si lachilendo ai. Linaikidwa pa Msonkhano Wachinayi wa ku Laterano mu 1215. Akatekisti asatope kulikumbutsa m'makomo, makamaka kwa abambo amene asiyira akazi ao zonse za tchalitchi.

Ndiponso mkate sauphikira kuti uyang'anidwe. Ophunzira awiri a ku Emausi anamzindikira Ambuye pa kunyema mkate (Luka 24). Banja lodya lokha, chikhalirecho kuseri kwa mpanda kuli wamasiye wogona ndi njala, lisanene kuti lakondwerera Pasaka. Mkristu ayambe wayeretsa mtima wake kwa wansembe, alandire Mkate wa Moyo, ndipo pobwerera kunyumba anyemeko mkate wake kwa mnansi.