Zaka 50 za mayi a kunyumba: phwando la khamu kapena ulendo wa awiri?

Mayi amene akukwanitsa zaka 50 masiku ano anabadwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Anakula Kamuzu akulamula, anaona riferendamu ya 1993 ali mtsikana, ndipo zaka zake zokwatiwa ndi kubereka zinagwera nthawi imene Edzi inkapulula anthu mosasankha. Pamene mankhwala otalikitsa moyo ankayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, anzake ambiri a kusukulu anali atagona kale kumanda. Nthawi imeneyo mwana wobadwa m'Malawi sankayembekezeka kufika zaka 50, pomwe lero chiyembekezocho chapitirira zaka 60. Choncho bambo akaona pakalendala kuti mayi a kunyumba akwanitsa zaka 50 mu Juni kapena Julayi, akuona munthu amene wapulumuka zambiri.

Chimene chimazunguza mutu ndi mmene angalichitire tsikulo. Njira ya m'tauni ikudziwika: kubwereka holo, kuitana woimbitsa nyimbo, kusoketsa nsalu ya mtundu umodzi, keke yansanjika, kenako perekani-perekani mpaka dzuwa kulowa. Koma alipo ena amene akuganiza zotseka nyumba masiku atatu kapena anayi n'kupita awiriwiri kumene mayiwo sanapondeko. Za ku Cape Town kapena Zanzibar ambiri anaziiwala kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola n'kumasowa m'mabanki. Kwatsala Zomba, Mulanje, Nyika ndi kunyanja. Komabe munthu asanasankhe phiri kapena nyanja, chikumbumtima chimayamba chamuzenga milandu iwiri, wina wa kutchalitchi, wina wa kwa abale.

Wa kutchalitchi ndi wakalekale. M'Baibulo lonse muli maphwando awiri okha otchulidwa momveka kuti anali a tsiku lobadwa, ndipo onse anathera m'magazi. Pa Genesis 40, Farao anakonzera nduna zake phwando, nabwezera woperekera chikho pantchito, koma wophika mkate anamupachika. Pa Marko 6, Herode anaitana akuluakulu a boma, a asilikali ndi anthu otchuka a ku Galileya, ndipo mutu wa Yohane Mbatizi unabwera m'mbale. Origen, mphunzitsi wa mpingo wa ku Alexandria m'zaka za m'ma 200, ataona zimenezi anagamula kuti m'Malemba ndi anthu ochimwa okha amene amakondwerera tsiku limene anabadwa. A Mboni za Yehova sachita nawo maphwandowa mpaka lero. Nawo Mpingo wa Katolika umakumbukira oyera ambiri pa tsiku limene anamwalira, ndipo pakalendala yake yaikulu a tsiku lobadwa alipo atatu: Yesu pa 25 Disembala, Maria pa 8 Seputembala, ndi Yohane Mbatizi yemwe uja pa 24 Juni, mkatikati mwa nyengo yathu yozizira.

Makolo athu nawonso sankasunga masiku otere. Agogo akafunsidwa zaka amayankha kuti anabadwa njala ya 1949 itangotha, kapena kuti nthawi ya chitaganya anali atayamba kutunga madzi. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, amene analemba anthu opitirira 9 miliyoni, okalamba ambiri anachita kuyerekeza. Ngakhale Kamuzu, amene tsiku lake la 14 Meyi ndi tchuthi, olemba mbiri sagwirizana chaka chimene anabadwa.

Koma wowerenga Marko 6 modekha aona kuti chinapha Yohane si kalendala. Herode analumbira pamaso pa alendo ake, ndipo pempho loipa lofuna mutu wa Yohane litabwera anamva chisoni, koma anachita manyazi kubweza mawu anthu akumuyang'ana. Mneneri anafera maso a anthu. Manyazi omwewo ndi amene amatumiza bambo kwa wakatapila kuti anzake a kuofesi asanene kuti phwando la akazi ake linali lozizira. Ndipo m'mutu womwewo, mavesi awiri okha kuchokera pamene Yohane waikidwa m'manda, Yesu akutenga ophunzira ake kupita nawo kwa okha kuti akapumeko, chifukwa khamu silinkawapatsa mpata ngakhale wa chakudya. Ngati mutu umenewu ukudzudzula chinthu, ndiye ndi phwando lodzionetsera. Ulendo wopatuka ukuuvomereza.

Kuwerenga zaka pakokha Malemba sakuletsa. Salimo 90 limaika moyo wa munthu pa zaka 70 kapena 80, n'kupempha Mulungu kuti aphunzitse anthu kuwerenga masiku awo. Levitiko 25 amapatula chaka cha 50 kuti munda upume osalimidwa, kapolo amasulidwe, ndipo aliyense abwerere kumalo ndi kubanja lake. Lamuloli linali la mtundu wonse wa Aisraeli, osati la munthu mmodzi, koma mayi amene wakhala akudzuka mbandakucha zaka makumi angapo angalimve msanga. Deuteronomo 24 amachotsa mkwati watsopano kunkhondo chaka chathunthu kuti akondweretse mkazi wake, ndipo Mlaliki 9 amalangiza mwamuna kusangalala ndi mkazi amene amamukonda chifukwa moyo ndi waufupi.

Mlandu wa kwa abale ndiwo wolemera kwambiri, ndipo suyenera kupeputsidwa. Akatswiri a zaumulungu a kuno kwathu monga Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analemba zambiri posonyeza kuti umunthu wa munthu umaonekera pakati pa anzake. Kwa Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe, mkazi sachoka m'mbumba yake chifukwa choti wakwatiwa. Ali ndi alongo ake amene amamuyang'anira, ankhoswe amene anazimitsa moto banja likufuna kupasuka, achemwali amene anamudikirira kuchipatala pobereka, amayi a Mvano kapena a Chigwirizano amene anagona pansi pamaliro a mayi ake. Onsewa akamva kuti alamu atenga munthu wawo kupita naye ku Mangochi, ali ndi chifukwa chofunsira ngati zaka 50 zimenezi alamuwo anazilera okha. Akhozanso kukumbutsa kuti mu Seputembala sukulu zitsegulira ndipo mwana wa malemu achimwene alibe fizi, kuti feteleza sanagulidwe, kuti denga la agogo kumudzi likudontha. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo m'dziko limene ambiri amadya zimene apeza tsiku lomwelo, ndalama ya chipinda cha usiku umodzi ku hotela ya m'mbali mwa nyanja ingathe kudyetsa banja lina masabata.

Yankho likupezeka pa mmene abale omwewo amachitira munthu akatisiya. Mayi yemweyo atamwalira mawa, palibe angafunse mtengo. Bokosi ligulidwa labwino, galimoto ibwerekedwa kuchokera ku Blantyre mpaka ku Karonga kapena ku Nsanje, nkhata zibwera, mbuzi ziphedwa. Pakapita chaka kapena ziwiri abale asonkhanso za chiliza, nthawi zambiri m'miyezi ya chilimwe. Pamanda wina aimirira kuwerenga mbiri ya malemu, n'kunena zabwino zonse zimene mwiniwake sanauzidwepo ali moyo. Alipo amayi amene ulendo wokhawo umene galimoto inabwerekedwera iwo anauyenda ali m'bokosi. Ngati umunthu umalola kuwonongera mtembo, n'kovuta kumvetsa chifukwa chimene ungaletsere kuwonongera munthu amene akupuma.

Nkhani ya ku Betaniya ikukhudza pomwepa. Pa Yohane 12, Maria anadzoza Yesu mafuta onunkhira a mtengo wa madinari 300, pafupifupi malipiro a chaka chonse a munthu waganyu, popeza dinari imodzi inali ya tsiku limodzi. Yudasi Isikariote anadandaula kuti akanagulitsidwa kuti ndalamazo zithandize osauka. Pamasamu Yudasi sanalakwe. Koma Yesu anaikira mayiyo kumbuyo, ndipo pa Marko 14 akufotokoza kuti wamudzozeratu asanaikidwe m'manda. Amayi amene anapita ndi zonunkhira zawo kumanda Lamulungu m'mamawa sanapeze womudzoza. Amene anafulumira ndi amene mphatso yake inalandiridwa.

Izi sizikutanthauza kuti ulendo uliwonse ndi woyera. Maria anathira mafuta ake, sanakongole. Ulendo wolipiridwa ndi katapila, kapena ndi ndalama ya banki m'khonde imene mayi yemweyo adzavutike kubweza, ndi mtolo umene wasenzetsedwa mwini tsiku. Ulendo wodya fizi ya ana nawonso mayi aliyense aukana. Ndipo ulendo wobisa, woti abale akauonere pa Facebook kapena pa WhatsApp, umabala mawu amene satha msanga. Mabanja anzeru amagawa zinthu pawiri: Lamulungu kapena Sabata chopereka cha chithokozo kutchalitchi, kapena dua ndi sadaka kwa Asilamu, masana mpunga, nkhuku ndi thobwa pakhomo pamodzi ndi abale, kenako m'mawa mwake awiriwo n'kunyamuka aliyense akudziwa. Mtengo wa zonsezi kawirikawiri sufika pa wa holo ndi zokongoletsa zake.

Tsono apite kuti? Miyezi ya Juni ndi Julayi ili ndi ubwino wake: mvula yatha, misewu yafumbi ikupitika, udzudzu wachepa, chimanga chili m'nyumba, ndipo pa 6 Julayi pali tchuthi. Koma malo alionse ali ndi khalidwe lake m'nyengoyi.

Zomba, imene inali likulu la dziko mpaka 1975, ndi ya munthu wotopa amene akufuna bata. Phiri lake limapitirira mamita 2,000 pamwamba penipeni, chiperoni chikabwera nkhungu imaphimba mitengo ya paini, ndipo madzulo munthu amafuna moto ndi bulangete. Kuli damu la Mulunguzi, Dzenje la Chingwe, ndi malo oonera chigwa amene anatchedwa Emperor's View pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia. Kuchokera ku Blantyre ndi pafupi, choncho mafuta a galimoto sadya thumba lonse. Mulanje ndi wa amene mawondo akadali olimba. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 ndipo si yokwera mwachibwana m'nyengo yankhungu, koma kuyenda kuchokera ku Likhubula kukafika ku Dziwe la Nkhalamba, kapena kuzungulira m'minda ya tiyi, ambiri angakwanitse. Nyika, paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno imene inakhazikitsidwa mu 1965, ndi yakutali ndipo msewu wochokera ku Rumphi umafuna galimoto yamphamvu. Ku Chelinda usiku kumagwa chisanu choumitsa udzu, koma masana mbidzi ndi ntchefu zimadya poyera m'zitunda zopanda mitengo.

Amene amadana ndi kuzizira atsikire kunyanja kapena kuchigwa cha Shire. Ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa paki mu 2015 n'kubwezeretsa mikango mu 2018, nyama zimasonkhana kumtsinje madzi akamauma m'tchire, ndipo Amalawi amalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja. Ku Cape Maclear kuli paki ya m'nyanja imene UNESCO inaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984, komanso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika pamalopo mu 1875 malungo asanawathamangitsire ku Bandawe. Kunyanja masana kumafunda ndithu, koma iyi ndi nyengo ya mwera. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 ndi anthu 145, ndipo asodzi mpaka lero sachita nayo masewera mphepoyi. Wofuna kukwera Ilala kupita ku Likoma kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, ayambe wafunsa ngati mayi amapirira mafunde.

Kufunsako ndiye phata la nkhani yonse. Amuna ambiri amakonda zodzidzimutsa, ndipo mapeto ake amasankha kumene iwo eni akufuna: kunyanja kumene kuli anzawo, chambo chootcha ndi zakumwa, mayi n'kukhala akuyang'anira zikwama. Pamenepo tsiku lobadwa langokhala chophimbira. Mphunzitsi amene waphunzitsa za Sapitwa zaka 25 osalionapo phirilo ali ndi kumene mtima wake uli. Mayi wa CCAP amene wamva za Robert Laws kuyambira ku Sande Sukulu mwina akufuna kukwera msewu wokhotakhota wa Gorodi akaone Nyumba ya Miyala ku Khondowe ndi mathithi a Manchewe. Wa Katolika mwina akulakalaka ku Mua, mishoni ya mu 1902, akaone nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare. Wina anganene kuti choyamba akufuna akalambule pamanda a mayi ake kumudzi, akagone m'nyumba imene anakuliramo, ndipo za kunyanja zibwere pobwerera. Limeneli ndi yankho labwino, ndipo likugwirizana ndi lamulo lija la chaka cha 50 lobwezera aliyense kwawo.

Bambo amene akazi awo akuyandikira zaka 50 kapena 60 asadikire mwezi womaliza. Ayambe kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi, awafunse mayiwo kumene akhala akulakalaka kufika, adziwitse ana ndi alamu nthawi ikadalipo, asungitse malo ogona msanga ngati ulendo ukugwera pa tchuthi cha 6 Julayi, ndipo ngati asankha kuphiri anyamule majuzi okwanira anthu awiri.