Zovala za Esau ndi Citupa Canu

Kuwerenga: Genesis 27:1-45, Miyambo 22:1, 26-27

Nkhani ya Yakobo ndi Esau tinaiphunzira tili ana ku Sande Sukulu, koma lero tiyeni tiiwerenge titagwira citupa cathu m'manja. Isake anali atakalamba, maso ake osaonanso. Yakobo anavala zovala za mkulu wake, nakulunga zikopa za ana a mbuzi m'manja ndi m'khosi, nalowa kwa atate wake ndi dzina la Esau. Nkhalambayo inakayika itamva mau, koma itakhudza manja ndi kununkhiza zovala, inakhulupirira. Mwini dzina pobwera kucokera kuthengo ndi nyama yake, anapeza dalitso lapita kale.

Makina a ku banki ndi a m'foni ali ngati Isake wokalambayo. Saona nkhope ya munthu. Cimene amakhudza ndi nambala ya NRC, nambala ya foni ndi PIN. Aliyense wobwera atavala zimenezi, kwa makinawo ameneyo ndinu. Yakobo anangotenga dalitso, koma wakuba dzina wa masiku ano amatenga ndalama nakusiyirani nkhongole.

Kale nkhongole yanu inali kudziwika ndi mwini golosale yekha ndi kabuku kake. Tsopano kuli buku lalikulu la dziko lonse. Mu 2006 Bank of Zambia inapereka cilolezo kwa kampani ya Credit Reference Bureau Africa, imene lero imadziwika kuti TransUnion, ndipo ambiri timangoti CRB. Mabanki ndi mabungwe okongoza ndalama amatumiza kumeneko dzina la wokongola, kuculuka kwa nkhongole yake, ndiponso ngati akubweza pa nthawi yake. Mukapita kukapempha nkhongole kwina, amayamba ayang'ana m'buku limeneli. Ena amaganiza kuti mumalembedwa anthu olephera okha. Iai, nayenso mai wobweza mokhulupirika amalembedwamo, ndipo mbiri yake yabwino imamtsegulira khomo. Miyambo 22:1 imaika dzina labwino pamwamba pa cuma cambiri, ndipo m'masiku athu dzinalo lili ndi faelo yake.

Tsono taonani kumene kuba kwa dzina la Esau kunacokera. Sikunacokere kwa Afilisti kapena kwa mlendo wodutsa. Kunapangidwa kukhichini, ndipo anakonza zonse ndi mai wa nyumbayo. Rebeka ndiye anamvetsera zokamba za mwamuna wake, ndiye anaphika ndiwo, ndiye anatulutsa zovala za Esau zimene anali kusunga iye mwini. Pamenepa pamandiwawa, amai anzanga, cifukwa ifenso ndife osunga zitupa. NRC ya apongozi ili m'cikwama cathu. Ya mwana amene wangokwanitsa zaka 16 ndi kutenga citupa cake ili pansi pa matiresi athu. Foni ya agogo osadziwa kuwerenga timaigwira ndife, ndipo PIN yao tiidziwa. Tsiku limene ndalama ya sukulu yasowa, kapena cilimba cafika tilibe kanthu, mau a Rebeka amabwera mumtima: tenga cabe, sadzadziwa, udzabweza mwezi ukatha. Kukongola pa foni ya wina iye asanalole ndi kuvala zovala za Esau, ngakhale ndalamayo ikagule unga wa banja lonse.

Yakobo ataopa temberero, Rebeka anati ligwere iye. Koma analibe mphamvu yosankha pogwera zotsatira zake. Mwana wake wokondedwa anathawira kwa Labani, nakhalako zaka 20, ndipo Baibulo silinenanso kuti mai ndi mwana anaonananso. Nkhongole nayo simvera wolonjeza pakamwa. Imatsata dzina lolembedwa pa pepala.

Palinso ena a ife amene timavula tokha zovala zathu ndi kupatsa wina. Mlamu abwera nati, "Dzina langa linaonongeka ku banki, ndibwerekeniko NRC yanu ndi payslip, ndidzalipira ndine." Mukana bwanji, pakuti ndi wacibale? Musaina. Miyezi iwiri alipira, wacitatu foni yake siyankha. Amene adulidwa malipiro ndinu, ndipo dzina lolembedwa ku CRB ndi lanu. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Miyambo 22:26-27 imacenjeza woimira mnzake pa nkhongole kuti angalandidwe ndi kama wogonapo womwe. Kuthandiza mbale ndi lamulo la Ambuye, inde. Koma mpatseni cimene muli naco m'manja, cimene mungapirire citapanda kubwerera. Dzina musampatse.

Za akuba akunja sindicurutsa mau. Woimba foni nati ndi wa ku kampani ya foni kapena ku banki, napempha PIN kapena nambala imene yangobwera pa meseji, mudulireni foni. Fotokope ya NRC musamaisiye paliponse, ndipo mukaipereka lembanipo tsiku ndi nchito yake. Citupa cikatayika, kanenani kupolisi tsiku lomwelo ndi kusunga lipoti lake.

Esau analira kulira kowawa, koma Isake sanathe kubweza mau ake. Apa ife tili bwinoko kuposa Esau. Lamulo la Credit Reporting Act la mu 2018 limakupatsani ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lanu, ndi ufulu wotsutsa colakwika kuti cifufuzidwe ndi kukonzedwa. Musadikire tsiku lokanidwa nkhongole ya feteleza kuti mudziwe. Pemphani lipoti lanu, muliwerenge mzere ndi mzere. Mukapezamo nkhongole imene simunatenge, kapena imene munamaliza kubweza koma ikuoneka ngati ikalipo, lembani kalata yodandaula kwa CRB ndi kwa wokongozayo, musunge kope lake pamodzi ndi malisiti. Akapanda kukuthandizani, nkhaniyo ipite ku Bank of Zambia, imene imayang'anira onsewo. Kucita zimenezi si ndeu, ndipo sikucepetsa Cikhristu ca munthu. Ngakhale Paulo ananena za ufulu wake monga Mroma pamene anafuna kumkwapula asanaweruzidwe.

Katekisma wathu wa Heidelberg, pa funso 112, pofotokoza lamulo lacisanu ndi cinai, amatiphunzitsa kuti kupewa bodza sikukwanira, tiyeneranso kuteteza ulemu ndi mbiri ya mnzathu monga tingathere. M'Cigwirizano muli amai amasiye ndi okalamba amene sangathe kuwerenga lipoti la Cingelezi. Mlongo wodziwa kuwerenga akhale nao pansi, awawerengere, awalembere kalata. Ndipo ngati pali wina pakati pathu amene anakongola ndi dzina la mnzake mwakabisira, apite kwa mwini dzinalo sabata ino, akamuuze yekha kalata ya wokongoza isanafike, ndipo agwirizane za kabwezedwe kake pamaso pa mkulu wa mpingo.