Migolo Iwiri ya Ada Longwe

Padangokhala mkulu wina ku Chintheche, chakufupi ndi pamene Luweya amathira m'nyanja, dzina lake Ada Longwe. Adali ndi chigayo cha dizilo chogayira makaka a chinangwa. Kuumira kwawo kudali kodziwika mpaka ku Bandawe: anyamata awo awiri a pachigayo ankadya kondowole kamodzi patsiku, usipa wake wochita kuwerenga.

Mu 2011 dizilo adasowa m'dziko monse. Chigayo chidati zii, amayi n'kubwerera kumitondo. Masiku omwewo kudafika Nyachirwa, mwana wa mlongo wawo, amene ankaphunzira za nsomba ku yunivesite ya Mzuzu. M'chikwama mwake mudali botolo la madzi obiriwira.

"Amalume, umu muli Chlorella, tindere tating'ono toti kamodzi simungakaone ndi maso. Tikamadya bwino timangogawikana n'kumachuluka. Koma nayitirojeni akatha m'madzi, timalephera kumanga mapuloteni oti tigawikire. Dzuwa limakhala likuwalabe, ito tikukokabe mpweya wa kaboni, ndiye zimene tapanga timazisunga ngati mafuta. Mafuta amenewo anthu amawasandutsa dizilo."

Ada Longwe adadzuka pampando. "Ukuti njala imabala mafuta? Ine ndakhala ndikunena!" Adatero akuyang'ana anyamata aja.

"Dikirani ndimalize, amalume. Ku America boma lidafufuza zimenezi kuyambira 1978 mpaka 1996. Adapeza kuti kandere kanjala kamanonadi, koma tinzake sitichulukanso, moti ukaphatikiza zonse..."

Adayankhula yekha. Mkulu uja adali atapita kale kukasaka migolo.

Adadula migolo iwiri, n'kuthiramo madzi a m'nyanja osefa, n'kugawana botolo lija pakati. Madzi a ku Chinthechewo, amene umaona miyala ya pansi uli m'bwato, amayera chonchija chifukwa chakudya cha ndere n'chochepa. Nyachirwa adagula ndi ndalama yake kapaketi ka feteleza wa 23:21, wokhala ndi nayitirojeni ndi fosiforasi, n'kumathira pang'ono mumgolo wake. M'mawa ndi madzulo ankavundula ndi nkhafi kuti tindere ta pansi natonso tione dzuwa. Amalume ake sadathire kanthu mumgolo wawo. Feteleza wa chiyani, pamene chofunika ndi njala?

Mgolo wawo sudachedwe kutuwa n'kuyamba chikasu. Adaitana oyandikana nawo kuti adzaone. "Anga anona kale awa. Mwanayu akuwononga ndalama, sukulu yamuzunguza mutu."

Wa Nyachirwa udabiriwira tsiku ndi tsiku mpaka udafanana ndi msuzi wa chigwada, woti ukamiza dzanja zala osazionanso. Pamenepo ndi pamene adamanga kapaketi kaja n'kukaika patsindwi. Kuvundula sadaleke, koma kudyetsa ayi. Patapita masiku, kubiriwira kuja kudayamba kufwifwa, kenaka chikasu.

"Waupha!" adaseka Ada Longwe.

"Ayi amalume, ukusunga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Msodzi wina wokalamba, amene ankasoka chilimira pamthunzi wa mango, adalowererapo. Adati nyanja nayo simana nthawi zonse: mwera ukaomba m'miyezi yozizira umavundula madzi n'kukweza chakudya cha pansi, ndere zimachuluka, tizilombo timadya ndere, usipa n'kudya tizilomboto. Ada Longwe adamuyankha kuti asamale za ukonde wake.

Tsiku lokolola adasiya madzi kuti adikhe, n'kutsanula a pamwamba, matope otsalawo n'kusefa pansalu. Adayanika pathandala la usipa, zitauma n'kusinja. Za Ada Longwe zidangokwana pachikhadabo. Atapaka papepala padaoneka kadontho ka mafuta ngati diso la usipa. Za Nyachirwa zidadzaza chikhatho, ndipo pepala lake lidanyowa mbee, ngati lokulungira mandasi.

"Tsono tithire m'chigayo?" adafunsa mkuluyo, mawu atatsika.

"Izi sizingalize n'komwe injini, amalume. Chigayo chingafune maiwe aakulu, makina ofinyira, ndi mankhwala osandutsira mafutawa kukhala dizilo. N'chifukwa chake mpaka lero dizilo wa ndere ngwodula kuposa wa papampu. Ine ndimafuna muone chabe mmene zimakhalira."

Ada Longwe adatenga mapepala awiri aja n'kuwayang'anitsa padzuwa, lina kudzanja ili, lina ili. Anthu adayamba kubalalika. Apo m'modzi wa anyamata a pachigayo, wamng'onoyo, amene nthiti zake zinkawerengeka ali chivalire malaya, adasendera pafupi.

"Ada, nanga ife tili mumgolo uti?"

Palibe adaseka. Msodzi uja adangoweramira ukonde wake.

Madzulo a tsiku limenelo Nyachirwa adawaona amalume ake ali pathumba la ufa. Adatapa mbale imodzi monga mwa masiku onse, n'kuima kanthawi. Kenaka adatapanso yachiwiri, dzanja likunjenjemera, n'kubwezamo pang'ono m'thumba.