Nkhono, nsomba ndi madzi athu a wudhu



Ndili sitandade 5 kwathu ku Malosa, ndinasiya kupita kumzikiti pafupifupi mwezi wathunthu. Mayi ankati ndayamba ulesi, mwalimu wa kumadrasa ankati ndi mpira. Koma nkhani inali yakuti ndikamamaliza kukodza kunkatuluka timadontho ta magazi, kabudula n'kuthimbirira, ndipo ndinali nditaphunzira kale pa twahara kuti munthu saima pa Swala ndi chovala cha najisi. Anzanga amene tinkasambira nawo m'madambo a kumunsi kwa Domasi anangoseka: "Aise, ndiye kuti wakula!" Ambiri a iwo zinkawachitikiranso, moti tinkayesa ndi mmene mwamuna amakulira. Osadziwa kuti anali matenda a likodzo.

Chaka chino kuyunivesite tafika pa kachirombo koyambitsa matendawa, ndipo kabudula uja wakhala akundibwerera m'maganizo. Dzina lake ndi Schistosoma haematobium, ndipo anakatulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo mu 1851. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a kachiromboka amaswa momwemo. Kamwana kotulukamo sikangalowe mwa munthu ayi. Kamafuna kaye nkhono, osatinso nkhono iliyonse, koma ya mtundu wa Bulinus, yaing'ono ija yokonda madzi odekha a m'madambo, m'ngalande za mpunga ndi m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. M'nkhonomo kamachulukana, ndipo pakatha milungu ingapo timatuluka tambirimbiri, n'kumasambira kudikira khungu la munthu. Sipafunika kumwa madziwo kapena kukhala ndi bala. Kungoviika miyendo pochapa, powokera mpunga kapena popanga wudhu, basi talowa. Tikakula timakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira kwa zaka. Magazi aja amatuluka chifukwa mazirawo amang'amba mnofu pofuna potulukira.

Taonani pamene payambira ulendo wonsewu: munthu kukodzera m'madzi. Aliyense amene anakhalapo pamkeka wa madrasa akukumbukira hadith ya mu Bukhari ndi Muslim, mmene Mtumiki (Swallallahu alayhi wasallam) analetsa kukodzera m'madzi osayenda. Ina ya mu Abu Dawud imaletsa kudzithandizira pamalo otungapo madzi, panjira ndi pamthunzi pokhala anthu. Ine sindikonda mapositi aja osandutsa hadith iliyonse kukhala sayansi; timamvera chifukwa ndi lamulo la Mtumiki, kaya maikulosikopu ilipo kaya palibe. Koma tsiku limene ndinaona dzira la likodzo ndi maso anga, lili ndi kaminga kake kumapeto, ndinachita manyazi. Ifeyo, ana a madrasa, oloweza hadith ija, ndi amene tinkakodzera m'dziwe lomwelo tikusambira, n'kumaseka.

Mbali imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya kunyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, ndipo Allah anaupatsa mtundu uliwonse chakudya chake. Pali ina yotchedwa Trematocranus placodon, ya mano olimba kukhosi, imene imaphwanya nkhono n'kudya. Akatswiri Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark anatha zaka zambiri akuwerenga nsomba ndi nkhono ku Cape Maclear, ku Mangochi. Anaona kuti makoka atachuluka m'madzi osaya, nsomba zodya nkhono zinachepa, nkhono ya Bulinus nyassanus inachuluka pamchenga, ndipo likodzo linakwera pakati pa ana a m'mudzi wa Chembe. Msodzi wokoka khoka lake mbandakucha ankangofuna ndiwo ndi ndalama ya sopo. Akanadziwa bwanji kuti akuchotsa mlonda wa chikhodzodzo cha mwana wake?

Surah Ar-Rahman imatiuza za mizan, muyeso umene Allah anauika m'chilengedwe, n'kutichenjeza kuti tisaulumphe. Ndili mwana ndinkamva ngati akunena za sikelo ya ogula nandolo okha. Lero ndikuona kuti nayonso nsomba ili pa sikelo, nkhono ili mbali inayo, ndipo dzanja lathu likakhudza mbali imodzi inayo imayankha. Ayah 38 ya Surah Al-An'am imaziwerengera nyama ndi mbalame monga magulu ofanana ndi ife. Wophunzira amene akuvuula nkhono m'matope ndi kasefa, n'kumaziwerenga imodziimodzi padzuwa la Okutobala, akuwerenga limodzi la magulu amenewo. Akaikapo niya yabwino, ndani anganene kuti si ibada?

Ndipo nkhaniyi ikusinthabe. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno anapeza nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Imeneyi imafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atayeza ana a sukulu anawapezadi nalo. Kenako mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa mazira ooneka mwachilendo ochokera mwa ana a m'Malawi muno. Atayeza majini ake (a DNA, osati majini aja timawawerengera Ayatul Kursi usiku), anapeza kuti kachirombo ka anthu kakuberekana ndi tizirombo ta likodzo la ziweto monga ng'ombe. Kafukufuku wotsatira nkhaniyi wachitika ku Mangochi ndi ku Nsanje mogwirizana ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ya ku Blantyre. Ndiye kuti dziwe limene ng'ombe zikumwa, amayi akuchapa ndipo ana akusambira, likhoza kukhala malo okumanirana tizirombo timene kale tinkati sitikhudzana.

Alongo anga, likodzo si la anyamata okha. Mwa akazi mazira aja amatha kukhala m'njira ya chiberekero, n'kubweretsa ululu, kutaya magazi ngakhalenso kuvuta kwa kubereka, ndipo ambiri amangokhala chete poopa kunamiziridwa za chiwerewere. Likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso, mwinanso kufika pa khansa. Thupi ili ndi amana. Kulibisira matenda chifukwa cha manyazi si haya imene tinaphunzitsidwa.

Mankhwala alipo, dzina lake praziquantel, aja amapereka m'sukulu atakuyezani msinkhu pa kamtengo. Imwani mutadya kaye, chifukwa pamimba yopanda kanthu amazunguza mutu. Madzi a wudhu ndi osamba, ngati mjigo uli pafupi, tungani kumjigo. A kudambo awiritseni kapena muwasunge masiku awiri mumtsuko, tizirombo tija sitikhala moyo nthawi yaitali tikasowa munthu.

Inu amene mumathandiza kuphunzitsa kumadrasa pa holide, mukafika pa mutu wa najisi Loweruka likudzali, funsani anawo mofatsa, anyamata paokha, atsikana paokha ndi mwalimu wamkazi, ngati wina amaona magazi pokodza. Ine anandifunsa ndi malume, tikuchokera ku Jumu'ah imene ndinapita mokakamizidwa, ndipo Lolemba lake ananditengera kuchipatala pa njinga.

Allah achize odwala athu. Wassalaam alaikum warahmatullah.