Denga la tchalitchi ndi mnansi wakutali

Mu February 2020, Sinodi yaikulu ya mpingo wa Church of England itakumana ku London, pepala lomwe linali patsogolo pa nthumwi linkati pofika 2045 mpingowo ukhale utaleka kuwonjezera mpweya wotenthetsa dziko. Wansembe wina wa ku Bristol, Martin Gainsborough, anati chakacho chatalika, chikhale 2030. Maganizo ake anapambana ndi mavoti 144 kwa 129.

Atavota choncho, ntchito inatsala padenga ndi m'makoma. Mpingowu uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000, ambiri a miyala, omangidwa zaka mazanamazana zapitazo. M'nyengo yachisanu amawatenthetsa ndi gasi kapena mafuta, koma kutenthako kumathawira kudenga lalitali, akhristu n'kumanjenjemerabe m'mabenchi. Kampingo ka kumudzi, ka nkhalamba zowerengeka, sikangakonze zimenezi ndi chopereka cha Lamulungu. N'chifukwa chake bungwe losunga chuma cha mpingowu, la Church Commissioners, linalonjeza mapaundi 190 miliyoni a ntchitoyi kufikira 2031. Thandizolo limagula zinthu wamba: mababu a LED, zotsekera ming'alu yolowera mphepo, makina otenthetsera a magetsi, masola.

Apa m'pamene funso lakalekale limadzuka, lomwe Yudasi anafunsa ku Betaniya ataona mafuta amtengo wapatali akutsanulidwa. Ndalamazi bwanji osapatsa osauka? Funsoli si lopepuka ngakhale analifunsa ndi munthu wamtima wakuba. Matchalitchi omwewa amagawa chakudya kwa mabanja ogona ndi njala, ndipo paundi yopita kudenga sifika m'mbale mwa mwana.

Ena amayankha ndi masamu. Tchalitchi lalikulu la Gloucester linaika masola 150 padenga pake mu 2016, bilu ya magetsi n'kutsika, ndipo zopulumukazo zitha kugwira ntchito zachifundo. N'zoona, koma yankho limeneli ndi la msungichuma. Likutanthauza kuti tsiku lomwe gasi adzatchipe, udindo nawo udzatha.

Nkhani yeniyeni yagona pa funso loti mnansi wa munthu ndani. Utsi wotuluka m'chumuni cha tchalitchi sukhala m'parishi momwemo. Dayosizi ya Birmingham ili paubale ndi mpingo wa Anglican ku Malawi kuyambira 1966, amapemphererana ndi kuyenderana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko lomwe mpweya wake woipa ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa Britain. Akatswiri a zanyengo amati dziko likamatentha, anamondwe otere amagwetsa mvula yochuluka kuposa kale. Mpingo wotumiza mabulangete kwa abale ake uku ukuwonjezera chomwe chikuwagwetsera nyumba uli ndi mlandu woyankha. Kukonza denga tsono ndi kuleka kulakwira mnzako, ndipo pachikhristu kuleka cholakwa kumabwera patsogolo pa mphatso.

Panatsala chinthu china chovutitsa chikumbumtima: gwero la ndalamazo. Gawo lina la chuma cha Church Commissioners linali m'makampani a mafuta. Mu June 2023 bungweli linalengeza kuti ligulitsa masheya ake m'makampani monga Shell ndi BP, ponena kuti sakuchita zokwanira kutsata pangano la ku Paris la 2015.