KODI CHIKONDI CHIYESEDWA NDI MTENGO WA MWALA?

Abale, masiku ano pa zinkhoswe za kuno ku Mangochi pafika mlendo amene makolo athu sanamdziwe, ndiye mphete yokhala ndi mwala wonyezimira wochedwa dayamondi. Anyamata athu ambiri a ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Malindi apita ku Joni kukafuna nchito. Kumeneko aona mphete zimenezi m'masitolo, ndipo amva kuti mwamuna wokonda mkazi ndi mtima wonse ayenera kumgulira mwala wa mtengo wapatali. Mau amenewa afikanso m'makutu a atsikana kuno kumudzi. Tsono mnyamata wosodza usipa, amene chuma chache chonse ndi bwato ndi chilimira, ayamba kudzifunsa: kodi ndigulitse ukonde, kapena ndikatenge katapila, kuti ndisachite manyazi pamaso pa anthu? Funso limeneli ndi lalikulu ndithu, pakuti likhudza nsima ya banja limene silinayambe n'komwe.

Poyamba tiudziwe mwalawo. Dayamondi ndi wouma koposa miyala yonse ya m'nthaka, koma chimene chiupanga ndi chomwecho chimene chili m'makala a pa mbaula. Ogulitsa ayang'ana zinthu zinai: kulemera kwache, mtundu wache, kuyera kwa m'kati mwache, ndi kasemedwe kache. Muyeso wa kulemera auchula karati, ndipo makarati 5 ndiwo galamu imodzi. Mwala wa karati imodzi, umene ungadye malipiro a miyezi yambiri, ukulu wache ndi ngati njere ya nandolo. Kuyambira 1954 anthu adziwa kupanga dayamondi ndi makina, ndipo lero wopangidwayo ndi wotsika mtengo kwambiri, ngakhale diso silingathe kuusiyanitsa ndi wokumbidwa.

Nanga mwambo umenewu unachokera kuti? Mphete ya chitomero ndi yakale. M'chaka cha 866 Papa Nicholas I, polembera anthu a ku Bulgaria, anaichula pakati pa miyambo ya Akristu a ku Roma. Koma dayamondi anali wa mafumu ndi olemera okha, monga Maximilian wa ku Austria amene anatomera nayo Mary wa ku Burgundy mu 1477. Zinthu zinasintha pamene anatsegula mgodi waukulu wa ku Kimberley mu 1871, ndipo Cecil Rhodes anayambitsa kampani ya De Beers mu 1888. Rhodes yemweyo, kupyolera m'kampani yache ina ya British South Africa, anapatsa Harry Johnston mapaundi 10,000 pa chaka oyendetsera dziko lino kuyambira 1891, chaka chimene anamanga linga la Fort Johnston, dzina lakale la Boma lathu lino. Mu 1938 De Beers, poona kuti malonda atsika, inalemba akatswiri a zolengeza malonda a N. W. Ayer ku America, ndipo mu 1947 iwo anapeka mau akuti dayamondi ndi wamuyaya. Ndi amalonda omwewo amene anaphunzitsa anthu kuti mphete iyenera kudya malipiro a mwezi wathunthu, pambuyo pache nati miyezi iwiri. Chotero lamulo limene libvutitsa mwana wathu wa ku Malombe linachokera kwa ogulitsa.

Sindinena kuti kugula dayamondi ndi tchimo, iai. Chinthu chokongola ndi chabwino, ndipo munthu amene ali nazo ndalama angathe kukondweretsa nacho bwenzi lache. Koma posankha mwala, asankhe umene angathe kunena zoona zache zonse pamaso pa mkaziyo ndi ankhoswe. Adzifunse mafunso atatu.

Loyamba: ndalama zogulira zachokera kuti? Ena adzati, "Kudzimana ndicho chizindikiro cha chikondi." Zoonadi. Koma wogulitsa ukonde sadzimana yekha. Amananso mkazi wache ndiwo za zaka zambiri. Ndipo ngongole ya katapila idzalowa m'nyumba tsiku lomwelo limene mkwatibwi alowa, nidzayamba kudya iyo eni nyumba asanadye.

Lachiwiri: mwalawo wachokera kuti? M'zaka za m'ma 1990 dayamondi analipira mfuti za nkhondo ya ku Angola ndi ya ku Sierra Leone, kumene anthu ambiri anadulidwa manja. Chifukwa chache maiko anapangana mu 2003 pangano la Kimberley, kuti miyala ya nkhondo isagulitsidwe. Wogula afunse chikalata chosonyeza mtundu wa mwalawo, ndipo apewe wogulitsa mobisa pa mseu. Chizindikiro cha chikondi chisakhale ndi misozi ya munthu wina.

Lachitatu, ndilo loposa onse: kodi ndidzauchula dzina lache lenileni? Alipo anyamata amene agula galasi lonyezimira, nanena kwa mtsikana kuti ndi dayamondi wa ku Kimberley. Aganiza kuti apulumuka ngongole ndi manyazi pamodzi, koma mau oyamba a banja lao akhala bodza. Tsiku limene mkazi adzazindikira, adzayamba kukaika mau ena onse amene anamuuza. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mphete ya siliva, ya mkuwa, ngakhale ya galasi lomwe, ikaperekedwa ndi mau oona akuti "ichi ndicho ndakhoza," iri ndi ulemu wache wokwanira.

Nanunso atsikana, musayese mwamuna ndi ukulu wa mwala. Yang'anani ngati asunga mau ache, ngati alemekeza mai wache, ngati abwera nazo kunyumba ndalama za nsomba. Kumbukirani chimene makolo achita pa chinkhoswe: mbali ziwiri zisinthana tambala ndi thadzi, ankhoswe nadya nkhuku pamodzi, kutanthauza kuti asenza banjalo pa mapewa ao. Mabvuto akabuka pakati pa usiku, mkazi athamangira kwa nkhoswe wache, ndipo mphete ingokhala duu pa chala.

Inu aphunzitsi a katekisimu, achinyamata akadza kwa inu kudzaphunzira za ukwati, akumbutseni kuti chimene chimanga ukwati ndicho kubvomerezana kwa awiriwo mwaufulu pamaso pa Mulungu ndi mboni, ndi kuti wansembe podalitsa mphete safunsa mtengo wache. Ndipo mnyamata akanena kuti afuna kugulitsa ukonde chifukwa cha mwala, khalani naye pansi pamodzi ndi nkhoswe wache, muwerenge naye ndalamazo bwinobwino asanapite ku sitolo.